Tsiku la mwera padoko la Msaka

Lachitatu, mwezi wa Julaye. Mwera unayamba kuwomba usiku, ndipo pamene ndimafika padoko la Msaka, kumwera kwa nyanja ya Malawi, m'mawa uno ndinapeza mabwato ndi maboti onse atakokedwera kumtunda. Pathandala panali usipa wochepa wa dzana, wouma kale, ndipo amayi ogula nsomba anangokhala pamchenga atafunda zitenje, mabeseni awo ali pululu.

Ndinakhala pansi pafupi ndi bambo wina wachikulire amene amasoka chilimira chake, ukonde wokolera usipa. Titapatsana moni ndinawadandaulira za kusowa kwa ndiwo, koma iwo, osasiya kusoka, anangoti, "Mwanangu, musaunyoze mwerawu, pakuti usipa umene tidzakole m'tsogolomu ukuphikidwa lero." Mawu amenewa ndakhala nawo tsiku lonse, chifukwa ndi zomwezo zimene akatswiri ofufuza za nyanjayi anapeza atayeza madzi ake.

Nyanja ya Malawi ndi yakuya kwambiri, moti chakumpoto imafika mamita pafupifupi 700. Madzi ofunda amakhala pamwamba, ozizira pansi, ndipo awiriwa sasakanikirana kawirikawiri. Kupitirira mamita pafupifupi 250 kulibe mpweya wa okosijeni, choncho nsomba sizikhalako, koma ndi komweko kumene zonse zakufa zimamira ndi kuwola, kaya ndi ndere, tizilombo kapena nsomba, mwakuti chonde cha nyanjayi chimaunjikana mumdima kumene palibe chomera chingachigwiritse ntchito. Mwera ukamawomba kuchokera kumwera chakum'mawa, kuyambira mwezi wa Meyi mpaka cha mu Seputembala, umakankhira madzi ofunda kumpoto, ndipo kuno kumwera madzi ozizira achonde aja amakwera kudzatenga malo. Nditaviika phazi m'mafunde ndinamvadi kuzizira kolowa m'mafupa.

Chonde chija chikafika kumene kuwala kwa dzuwa kumafika, ndere zing'onozing'ono zosaoneka ndi maso zimachulukana. Tizilombo tam'madzi timadya nderezo, usipa ndi utaka zimadya tizilomboto, ncheni ndi kampango zimadya nsomba zazing'onozo, kenako nkhwazi ndi ife anthu timatenga gawo lathu. Ngakhale nkhungu, zimene zimafuka panyanja ngati utsi ndipo anthu a m'mbali mwa nyanja amazidya, zimayamba ngati mphutsi zodya tizilombo tomweto. Masana mphutsizo zimatsikira kumadzi akuya kuthawa nsomba, usiku nkukwera kudzadya. Ichi n'chifukwa chake mbali ya kumwera ino, imene ili yosaya ndiponso yolandira madzi achonde, imapatsa nsomba zambiri kuposa mbali zina za nyanja.

Masana ndinayenda kufika pamiyala ina yobisika ku mphepo, pamene madzi anali bata. Ndinaona mbuna, nsomba zazing'ono za m'miyala, zabuluu ndi zachikasu zikupala ndere pathanthwe ndi timano tawo, iliyonse ikuteteza kamalo kake. Apa m'pamene mtima wanga unada nkhawa. Nthawi ya dzinja mitsinje monga Linthipe imatsika itasenza matope ofiira ochokera m'minda ndi m'mapiri amene tinadula mitengo yake. Matopewo amatchinga kuwala ndi kukuta miyala, ndere zimalephera kumera, ndipo mbuna zimasowa chakudya. Mpasa nawo, umene umakwera mtsinje wa Bua kukaswana, umafuna timiyala toyera toikirapo mazira, ndipo timiyalato tikakwiririka mazira amafa. Mwera sitingaulamule, koma nkhwangwa ndi khasu zili m'manja mwathu, ndipo zimandipweteka kuti munthu wolima m'mbali mwa mtsinje ku Dedza kapena ku Kasungu sanauzidwe kuti dothi lake lokokoloka limakathera pachakudya cha nsomba.

Madzulo mphepo inali isanaleke. Ndinabwerera padoko ndipo ndinapeza bambo aja atamaliza kusoka, anyamata awo akupukuta nyali zokopera usipa. Anandiuza kuti ngati mafunde atsika usiku uno, mawa alowa m'madzi.