Bambo ake a Huck andisowetsa tulo

Lachinayi usiku.

Alamu anga andikwiyitsa lero, ndipo chonsecho takanganirana munthu wa m'buku. Anabwera masana kudzatenga mbewu ya chimanga imene achemwali anasiya kuno, n'kupeza pampando wa pakhonde pali Adventures of Huckleberry Finn, buku la Mark Twain lija, lomwe ndinagula kwa anyamata oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu. Iwo analiwerenga kalekale akuphunzira zauphunzitsi. Atangoliona anaseka, amvekere, "Alamu, mwana ameneyu akanapanda kukhala ndi bambo wouma mtima uja sakanakhala munthu. Mavuto ndi amene amakhwimitsa mwana. Kuwongola mtengo m'poyamba."

Ndinawafunsa ngati akukumbukiradi zimene bamboyo ankachita, chifukwa ine ndawerenga mitu imeneyo sabata yomwe ino.

Huck amangowatchula kuti Pap. Munthu wa zaka pafupifupi 50, tsitsi lalitali lanyankhalala, zovala zasanza. Atasowa kopitirira chaka, akutulukira usiku m'chipinda cha mwanayo kunyumba kwa mayi wamasiye, Widow Douglas, amene ankamulera. Moni palibe. Chimene chikuwawawa n'choti amva kuti mwana wawo akudziwa kuwerenga. Akumuuza kuti awerenge, mwana wangoyamba pang'ono, iwo n'kulimenya bukulo kuligwetsera uko. Kachithunzi kamene anapatsidwa kusukulu chifukwa chokhoza bwino akukang'amba. Ati mayi ake anamwalira osadziwa kuwerenga, iwonso sadziwa, ndiye iye ndani kuti adziyese woposa bambo ake. Kenako akufika pa chimene abwerera, madola 6,000 a mwanayo amene akusungidwa ndi Judge Thatcher. Usiku umenewo akulanda dola imodzi imene inali m'thumba mwa Huck, yokamwera.

Ndinati, "Alamu, mtengo wake uti ukuwongoledwa pamenepa?"

Iwo anangokumbukira nkhani ya woweruza watsopano uja, n'kuyamba kuseka mpaka misozi. Ndi yosekesadi. Woweruzayo anakana kulanda mwana kwa bambo ake, ati khoti lisamapasule mabanja. Anawatengera a Pap kunyumba kwake, kuwaveka zovala zatsopano, kudya nawo, onse kulira pamodzi, a Pap n'kudinda chizindikiro papepala kuti mowa ausiya. Usiku womwewo anatulukira pawindo, jekete yatsopano ija anasinthanitsa ndi mowa, ndipo m'bandakucha anagwa kuchokera padenga la khonde n'kuthyoka mkono malo awiri. Nanenso ndinaseka. Koma mawu a woweruzayo ndinawamvapo kuno kwathu kangapo konse, pamene ankhoswe akubweza mayi ndi ana kunyumba kumene athawa, ati bambo ndi bambo basi.

Pali malo amodzi pamene Twain sananamize munthu, ndipo ndinawavomera alamu. A Pap atamuba mwanayo n'kukamutsekera m'kanyumba ka mitengo m'nkhalango, kutsidya kwa mtsinje wa Mississippi mbali ya Illinois, Huck akunena yekha kuti moyowo anayamba kuukonda. Kuwedza, kusuta, osasamba, sukulu kulibe. Panatha miyezi iwiri ali momwemo. Chinamuthawitsa ndi ndodo imene inanyanya mpaka thupi lonse mikwingwirima, kutsekeredwa yekha masiku atatu, ndi usiku uja mowa unawazunguza mutu a Pap, kumakuwa kuti njoka zikuwakwera m'miyendo, kenako n'kumuthamangitsa mwana wawo ndi mpeni akumutchula kuti mngelo wa imfa. Atatopa n'kugona, mwana wa zaka 13 kapena 14 anakhala pansi atawalozetsa mfuti, kudikira kuti kuche.

"Ndiye mwaonatu," anatero alamu. "Anacheka chipika cha khoma, anapha nkhumba yam'tchire, anawaza magazi kuti anthu aziti waphedwa. Nzeru zimenezo akanazitenga kwa mayi wamasiye uja?"

Ayi, sakanazitenga. Kunama msanga, kubisala, kuba n'kumati ndabwereka, zimenezo anaphunziradi kwa bambo ake, ndipo zinamupulumutsa kambirimbiri. Koma alamu sananene kuti mwanayu anachenjera. Anati anakhala munthu. Apa ndi pamene mawu anga anakwera, mpaka ana oyandikana nafe anasiya phada n'kumasuzumira kumpanda.

Chimene a Pap anamuphunzitsa pa nkhani ya anthu chili poyera. Ataledzera akutukwana boma chifukwa anaona munthu wakuda wa ku Ohio, mfulu, pulofesa wa kukoleji, wovala bwino, amene kwawo ankaloledwa kuvota. Ati ngati zili choncho iwo sadzavotanso. Ndipo si a Pap okha. Miss Watson wopemphera uja, mchemwali wa Widow Douglas, ndi amene ankafuna kugulitsa kapolo wake Jim ku New Orleans pa madola 800, Jimyo n'kuthawa n'kumayenda ndi Huck pamtsinje. Bukuli linatuluka mu 1884 ku Britain ndi 1885 ku America, ukapolo utatha kale zaka 20, koma nkhani yake Twain anaibweza m'mbuyo zaka 40 kapena 50, nthawi imene iye ankakula ku Hannibal, m'chigawo cha Missouri, kapolo ali katundu pamaso pa lamulo. Chidakwa, tchalitchi ndi khoti onse ankamuuza Huck chinthu chimodzi. N'chifukwa chake pa mutu 31, atalemba kalata youlula kumene kuli Jim, akumva ngati machimo ake atsukidwa, ndipo pamene akuing'amba akukhulupirira ndi mtima wonse kuti wasankha kukapsa kugehena.

Anamufikitsa pamenepo ndi Jim, ndipo Jim sanamukhudzepo ndi ndodo. Atasochererana m'chifunga pamtsinje usiku wina, Huck anamupusitsa kuti zonse analota. Jim atazindikira anangomuuza kuti iye mtima unamusweka poganiza kuti mwanayo watayika, pamene mnzakeyo akuganiza zomuchititsa manyazi. Anadzuka n'kulowa m'kachisakasa ka pachombo chawo cha mitengo. Huck anatha mphindi 15 akulimbana ndi mtima wake asanakapepese. Usiku Jim ankalondera nthawi yake ndi ya Huck yomwe, kuti mwanayo agone.

Alamu anandidula. "Komatu Jim wanuyo nayenso anamenya mwana wake."

Zoona, ndipo ndi malo amene ndinatseka buku kaye dzana. Kamtsikana kake, 'Lizabeth, ka zaka zinayi, katangochira matenda aakulu. Jim akukauza kuti katseke chitseko, iko kangoima kakumwetulira. Akukawomba mbama. Patapita kanthawi mphepo ikumenyetsa chitseko kumbuyo kwake, mwana osatekeseka n'komwe. Matenda aja anali atamugonthetsa makutu. Jim akufotokoza zimenezi patapita nthawi yaitali, ali kutali ndi ana ake, akunena kuti Mulungu amukhululukire chifukwa iye sadzadzikhululukira. A Pap analirapo molapa kamodzi m'buku lonse, kunyumba kwa woweruza kuja, jekete isanagulitsidwe.

Alamu sanayankhe. Anayamba kufunsa za mtengo wa feteleza, n'kunyamula thumba lawo pa njinga.

Panopa nthawi yapita, udzudzu wandizinga, tiyi anazizira kale. Ndikudziwa kuti sitimakamba za Huck yekha. Bambo awo a alamu ankamwa kachasu, mudzi wonse unkadziwa, ndipo alamu anadzilipirira okha sukulu ndi maganyu a m'minda ya anthu. Alamuwo sanamenyepo ana awo, ine ndi mboni. Mawu aja akuti mavuto amakhwimitsa mwana mwina ndi amene amawathandiza kuti zaka zimene zija zisaoneke ngati zinangopita pachabe. Komabe zimandipweteka kumva munthu wabwino akupereka ulemu wa ubwino wake kwa amene ankamumenya. Panali wina ndithu, kaya azakhali, kaya mphunzitsi, amene ankawapatsa chakudya ndi pogona zinthu zikavuta. Ameneyo satchulidwa.

Chinanso ndimafuna kuwafunsa, koma anali atakwera kale njinga. Chakumayambiriro kwa ulendo, madzi atasefukira, Huck ndi Jim akupeza nyumba ikuyandama pamtsinje, mkati muli mtembo wa munthu wowomberedwa kumsana. Jim akuufunditsa nsanza, n'kumuuza mwanayo kuti asayang'ane nkhope. Chinsinsi chimenecho akuchisunga ulendo wonse mpaka mutu womaliza, pamene akuulula kuti anali a Pap. Ndabwereza tsamba limenelo kufuna kuona chimene Huck ananena atamva. Palibe. Akungopitiriza za mnzake Tom Sawyer ndi chipolopolo chimene anawomberedwa nacho, zoti kulemba buku n'kotopetsa, zoti athawe asanayambenso kuleredwa. Kaya Twain anatopa, kaya ankadziwa kuti ana otere amaterodi. Alamu akanadziwa, koma funso limeneli ndingaliyambe bwanji kwa munthu wamkulu.