Ndinabzala mtengo wa Khirisimasi ngati chinangwa

Chaka chathu choyamba ku Leeds, ku England, Khirisimasi itangodutsa, ndinaona anthu akuponya mitengo yawo panja ngati zinyalala. Zinandipweteka mtima. Wathu, wamtundu umene amati Nordmann fir, tinaugula ndalama zoti kumudzi ndikanakoka nazo mbuzi, ndipo unali udakali wobiriwira bwinobwino.

"Anthu akunowa ulimi sakuudziwa," ndinawauza mayi a Chiko. "Kwathu ukazika nthambi ya mlombwa, mvula ikagwa imaphuka."

"Bambo a Chiko, umenewo si mlombwa."

Ine wobadwira ku Ntcheu, wokulira m'munda, n'kuphunzitsidwa za mitengo? Ndinatenga fosholo n'kukumba dzenje kuseri kwa nyumba. Inali Januwale, nthaka ili gwa ndi chisanu, zala zachita dzanzi. Ndinauzika, ndinathira manyowa ogula m'sitolo, n'kupondaponda dothi ngati mmene agogo ankachitira pobzala chinangwa. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkauthirira, m'dziko limene mvula siichita kupemphedwa.

Mwezi unatha, masamba osayoyoka. Ndinajambula chithunzi nditaima pambali pake, dzanja m'chiuno, n'kutumiza pa gulu la abale pa WhatsApp: "Wagwira!" Pomwe mtundu umenewu anthu amaukondera chimenecho, umasunga masamba nthawi yaitali ngakhale unadulidwa kalekale.

Mu Marichi kunawomba chimphepo usiku wonse. Kutacha ndinapeza mtengo wanga utagona pampanda wa agogo ena oyandikana nafe. Ndinathamanga kuti ndikapulumutse mizu. Mizu yake iti? Kunsi kunali see, mmene sowo inadutsira, pakati pali kabowo kokhomera pa choimikira chake cha m'nyumba.

Agogowo anatuluka atanyamula kapu ya tiyi. Anandifotokozera mwaulemu kuti kwawo kwa mitengoyi ndi kumapiri a Caucasus, kufupi ndi Black Sea, ndipo thunthu lodula silitulutsa mizu. Wofuna wokongoletsa pabwalo amagula wokulira mumphika, n'kuubzala pamalo osadikha madzi.

"Ndinkakuonani pawindo tsiku ndi tsiku," anatero. "Koma munkaoneka osangalala kwambiri."

Mayi a Chiko anaseka mpaka kukhala pansi pakhomo. Madzulo omwewo foni inalira, amalume aku Ntcheu: "Mphwanga, mtengo uja ukakula utidulireko nthambi ziwiri, tidzazike kuno."