Ulendo wa ku Limbe: tsiku lomwe anazula waya dala

Loweruka lapitali ife a kalabu ya ophunzira za makompyuta, anthu 14, tinakwera minibasi pa Ginnery Corner kupita ku Limbe kukaona momwe kampani ina imasungira database yake (nkhokwe ya zolembedwa pa kompyuta) kuti ntchito isaime makina akazima.

Anatilandira ndi achimwene ena, injiniya wa pamalopo. M'chipinda cha ma server, makompyuta osunga database, mumazizira ngati nthawi ya chiperoni, moti amene sanatenge juzi anavutika. Kumeneko amagwiritsa ntchito pulogalamu ya database yotchedwa PostgreSQL. Server imodzi, primary, ndiyo imalandira zonse zolembedwa. Chilichonse chimayamba chalowa mu kaundula wotchedwa WAL, ndipo kaundulayu amatumizidwa nthawi yomweyo ku ma standby awiri, ma server odikira kulowa m'malo mwa primary. Kukopera kumeneku ndi kumene amati replication. PostgreSQL inayamba kuchita izi payokha mu 2010, ndi version 9.0.

Kenako achimwenewo anati, "Yang'anani pa sikirini," n'kuzula waya wa netiweki wa primary. Ena tinati mayo! Pulogalamu ya Patroni, imene imayang'anira ma server amenewa, inaona kuti mtsogoleri, primary ija, wasiya kuyankha, ndipo mphindi imodzi isanathe standby imodzi inali italowa m'malo mwake.

Ine ndinafunsa chifukwa chake makina ayenera kukhala atatu osati awiri. Anati awiri akasiya kumvana, aliyense amaganiza kuti mnzake wafa, onse n'kuyamba kulandira zolembedwa. Atambala awiri salira m'khola limodzi. N'chifukwa chake pulogalamu ya etcd, imene imasunga dzina la mtsogoleri, imayikidwa pa makina atatu, kuti awiri akagwirizana mawu awo akhale omaliza.

Chinandikhudza kwambiri ndi funso la achemwali ena a chaka chachitatu: nanga munthu akafufuta tebulo la zolembedwa mu database molakwitsa? Injiniya uja anaseka, nati cholakwacho chimafika ku standby m'kuphethira kwa diso. Choncho backup, kope la zolembedwa zonse, amaisunga padera, ndipo nthawi ndi nthawi amayesa kuibwezeretsa. Kunena zoona, ine ndinkaona ngati replication ndi backup ndi chinthu chimodzi.

Panja anationetsa jenereta, natikumbutsa za namondwe Ana amene anaononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 magetsi n'kumazima maola ambirimbiri. Nthawi inatithera tisanaone bwino ma UPS, mabatire othandiza makina magetsi akazima, ndipo tinabwerera cha m'ma 3 koloko titadya chipisi pafupi ndi depoti ya Limbe.