Mbaula ya makilowati 12

Chithunzi chija alamu aika pa gulu la WhatsApp ndachiona, ndipo mayina a nonse amene mwaikapo tinkhope toseka ndawasunga. Eya, ndine. Ndili pakhomo m'kabudula ndi vesiti, mu Disembala, kuno ku Leeds ku Mangalande, magalimoto atayera mbee ndi chisanu. Koma musanandipatse dzina latsopano, imvaniko mbali yanga.

Ine ndi mwana wa ku Dedza. Kuzizira ndinabadwa nako, ndipo moto pamafuwa ndinayamba kusonkha ndisanalowe sitandade 1. Ndiye bilu ya gasi itayamba kuluma kuchokera mu 2022 muja, ndinauza mayi a kunyumba kuti tigule chitofu cha nkhuni chothandizira hita. Pabalaza pathu ndi papakulu, poti mwini nyumba wakale anagwetsa khoma lapakati, zipinda ziwiri n'kukhala chimodzi. Hita imangofunditsa makoma, eni ake tili njenjenje pa sofa. Azungu ali ndi mayina ake, koma ine ndimati mbaula basi, mbaula yovala suti, ya chitseko cha galasi.

Kunabwera mmisiri wa ziphaso za HETAS, bungwe lovomereza amisiri oika zitofu, ndi tepi yake. Anayeza mamita 7 mulitali, 5 mulifupi, 2.4 kukafika kudenga. Anachulukitsa napeza 84, nagawa ndi 14, nati chipindachi chikufuna makilowati 6, ndipo poti hita ilipo kale, ngakhale chitofu cha 5 chikwana. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mnyamata woti utsi wa bulugamu sunamulizepo, akandiphunzitse ine moto ndi samu? Kusitolo, chitofu cha 5 chinkaoneka ngati kawayilesi. Pambali pake panakhala chimphona cha makilowati 12, chakuda bii, chotambalala ngati nyakwawa pabwalo. Ndinaganiza bwinobwino kuti chachikulu ukhoza kuchichepetsa, koma chaching'ono sungachikulitse. Ndi mmene timagulira ana yunifomu kwathu, ndipo palibe anadandaulapo.

Mmisiri anati m'nyumba yakale ngati yathuyi, chitofu chikapitirira makilowati 5 pamafunika bowo pakhoma lolowetsa mpweya wakunja. Ndiye ndinalipira munthu kuti aboole khoma langa, mphepo izilowa, pofuna kuti m'nyumba muzifunda. Anatinso dera lathu ndi loletsa utsi, chitofu chiyenera kukhala chovomerezedwa ndi DEFRA, nthambi ya boma yoona za chilengedwe, apo ayi chumuni chikafuka khonsolo ikhoza kukulipiritsa pakati pa £175 ndi £300. Utsi, abale! Kwathu utsi ndiwo umanena kuti pakhomo pali anthu ndipo lero adya. Nkhuni nazo zili ndi lamulo: chinyezi chisapitirire 20 peresenti. Ndinagula kachipangizo ka mano awiri kobayira chikuni ngati mwana kusikelo. Apongozi, amene anali atabwera kudzacheza kuchokera ku Chikwawa, anandiona ndikubaya nkhuni jakisoni. Anatola ziwiri, naziwombanitsa, namvetsera kulira kwake, nati, "Zouma izi, bambo." Kachipangizo kanavomereza.

Apongoziwa chitsikire ndege anali asanavulepo juzi. Ankavala ziwiri, jekete pamwamba, zitenje ziwiri, sikafu, duku, chipewa cha ulusi pamwamba pa duku, kenaka bulangete. Munthu wozolowera dzuwa la kuchigwa, Leeds ankamuzunza. Ndiye mukamaseka mudziwe kuti zonsezi ndinkachitira iwo.

Loweruka lake alamu anabwera kuchokera ku Luton ndi banja lonse kudzaonerera moto woyamba. Kabuku ka chitofu kakuti masiku oyamba uzikoleza timoto ting'onoting'ono kuti penti ikhwime pang'onopang'ono. Izi ndinaziwerenga Lolemba lotsatira. Loweruka ndinapachira nkhuni mpaka kukhosi ngati lole ya makala pa Zalewa, ndinatsegula mpweya wonse, n'kukhala pansi manja pachifuwa. Kunena zoona, mphindi khumi zoyambazo zinali zokoma. Malawi ankavina kuseri kwa galasi, ana akuwomba m'manja, alamu akuti, "Alamu, apa mwagula chinthu."

Kenaka penti inayamba kupsa. Fungo lake ngati munthu wawotcha pulasitiki pamodzi ndi nsapato, kautsi kopyapyala kali tolotolo kudenga. Alamu ya utsi inayamba kulira. Alamu a ku Luton anayamba kuseka. Ndinali ndi alamu awiri m'nyumba imodzi, ndipo amene ndikanatha kumuchotsa batire anali mmodzi yekha.

Kutentha kunabwera ngati ngongole, mwakachetechete kenaka konse pamodzi. Majarini anasungunuka m'mbale. Ana anathawira kumakwerero. Ine, poti ndinali pafupi ndi ng'anjoyo, ndinayamba ndi juzi, kenaka shati, kenaka ndinakwera m'mwamba kukasintha buluku, thukuta lili kamukamu. Chinthuchi chilibe switchi. Madzi sungathire pachitsulo chotentha chotero, chikhoza kusweka. Ndinatseka mpweya, koma nkhuni zimene zagwira kale moto sizimva kupepesa.

Ndipamene apongozi anayamba. Sanayankhule. Anachotsa bulangete, nalipinda bwinobwino, naliika pamiyendo. Anakhala kaye phee, kuyang'ana moto. Anachotsa chipewa cha ulusi, nachiika pamwamba pa bulangete. Sikafu anaivula mozungulira katatu, pang'onopang'ono ngati akumasula mbuzi pachikhomo, naipinda. Jekete inatenga nthawi chifukwa zipi inakakamira, ndipo palibe amene analimba mtima kuthandiza. Juzi yoyamba inatsika. Mulu wa pamiyendo unafika pachifuwa, kenaka pachibwano. Munthu amene milungu itatu yonse tinkamuona ngati thumba la chimanga anayamba kuchepa pamaso pathu, mpaka mwana wanga wamng'ono anafunsa kuti agogo enawo apita kuti. Atagwira m'mphepete mwa juzi yachiwiri anaima, nandiyang'ana ndi diso limodzi pamwamba pa muluwo, nati, "Bambo, ngati tatha masiku mukanangonena. Sikuti mpaka mutiwambe ngati mlamba."

Tsono ndiuzeni inuyo, amene munaleredwa bwino. Mkamwini aima pomwepo apongozi akuvula juzi yachiwiri? Sindinkadziwa kuti kunsi kwake kwatsala zingati. Ndinachita zimene mwamuna aliyense waulemu akanachita: ndinayang'ana kumbali n'kutuluka panja. Kuti ndinali m'kabudula, zimenezo ndinazikumbukira phazi litaponda chisanu. Chitseko chinadzitseka pambuyo panga, poti ndi zija zokiya zokha. Mkatimo alamu onse awiri anali akulirabe, ndiye kugogoda kwanga sikunamveke. Mzungu woyandikana nafe anadutsa ndi galu wake, nandipatsa moni ngati palibe chachilendo, koma galuyo anatembenuka kawiri. Chithunzi mwaonacho alamu anajambulira pazenera, ndipo anayamba ajambula kaye asanatsegule.

Usiku umenewo tinadya nsima mazenera onse ali pululu, kufunditsa msewu wonse ndi nkhuni zogula ndi mapaundi. Apongozi anati ngakhale ku Ngabu mu Okutobala kumakhalako kamphepo.

Panopa ndimakoleza pang'ono, koma chitofu chachikulu ukachinyonga mpweya moto umangonyeka, galasi limada bii ndipo mwaye umamatirira m'chumuni. Ndikatsegula mpweya, tibwerera ku Ngabu. Ndiye timaonera galasi lakuda, hita ili chiyakire. Mayi a kunyumba sanandinenepo kalikonse, kungoti ndikafuna kugula chinthu amafunsa modekha kuti, "Bambo a ana, chimenechi ndi cha makilowati angati?" Komabe samu ya mmisiri uja sinawerengere kuti tsiku lina tikhoza kugwetsa khoma linanso. Apongozi apeza kuti mbatata imapsa bwino m'phulusa lake, ndipo akuti akamapita tiwafunsire mtengo wotumizira chitofucho pa sitima.

Alamu, chithunzicho chotsani, kapena mudule kuyambira pamimba kutsika.