Mbalame ya cahow ya ku Bermuda idakali pangozi

Nkhani ya mbalame ya kunyanja yotchedwa cahow, yomwe imaswana pa tizilumba ta Bermuda tokha, imandikhudza kwambiri. Mbalameyi imathera nthawi yaitali ikuuluka pa nyanja ya Atlantic, ndipo imabwera kumtunda usiku kudzaikira dzira limodzi lokha pachaka m'una wake. Atsamunda atakhazikika kumeneko m'zaka za m'ma 1600 anazidya mosasamala, pamene nkhumba, makoswe ndi amphaka zinkamalizitsa mazira ndi anapiye, moti kwa zaka pafupifupi 300 anthu ankakhulupirira kuti zinatha psiti.

Mu 1951 kunapezeka mabanja 18 okha, ndipo David Wingate, amene anali mnyamata pa ulendo wa ofufuza amene anazipeza, anathera zaka zambiri za moyo wake akuzisamalira. Ndimayamikira kwambiri maenje a simenti amene anazikonzera, komanso timatabwa ta kabowo kakang'ono totsekera pakhomo, toletsa mbalame zokulirapo kulowa n'kupha anapiye. Mphepo yamkuntho ya Fabian itawononga zisa mu 2003, akatswiri oteteza mbalamezi anayamba kusamutsira anapiye ku chilumba chokwererapo cha Nonsuch. Panopa mabanja apitirira 100, koma chiwerengerochi n'chochepabe kwambiri, makamaka poona kuti madzi a m'nyanja akukwera n'kumakokolola tizilumba timene mbalame zambiri zikuikirabe mazira.