Amkhalapakati nawo afunika owayang'anira

Malamulo aakulu a dziko la Malawi, m'gawo 13, amalangiza boma kuti lizitsata njira zothetsera kusamvana mwa zokambirana, kudzera mwa mkhalapakati kapena mwa munthu wogamula amene mbali zonse zamuvomereza. Khoti lalikulu linatsatira mfundoyi m'malamulo ake a 2017 oyendetsera milandu yomwe si yaupandu, ndipo milandu yambiri imayamba yadutsa pa zokambirana isanazengedwe. Mkhalapakati wake amakhala jaji, zimene zanenedwa m'chipindamo zimakhala zachinsinsi, ndipo zikakanika mlandu umapita kwa jaji wina amene sanamve zomwe mbali ziwirizo zinaululirana.

Mabungwe a akatswiri nawo sanakhale chete. Bungwe la maloya la Malawi Law Society, mogwirizana ndi bungwe la amalonda la MCCCI, linakhazikitsa Malawi International Arbitration Centre, malo ogamulira mikangano kunja kwa khoti, ndipo izi zikugwirizana ndi zomwe dziko lino linachita mu 2021 polowa m'pangano la New York la 1958, lomwe limachititsa kuti chigamulo choperekedwa kunja kwa khoti m'dziko lina chilemekezedwe kunonso. Zimenezi ndi zabwino kwa makampani aakulu, ngakhale kuti kugamula kotereku kumasiyabe wina atapambana, wina atagonja. Koma mikangano imene imasowetsa anthu tulo ndi ya malire a munda, ngongole ya banki mkhonde ndi chuma chamasiye, ndipo kumeneko ntchito yooneka yagwiridwa ndi bungwe lothandiza anthu pa nkhani za malamulo la Paralegal Advisory Service Institute (PASI), limene linaphunzitsa amkhalapakati a m'midzi potengera zimene anzawo a ku Madaripur m'dziko la Bangladesh akhala akuchita.

Nkhawa yanga ili pa mbali imene olimbikitsa njirayi sakonda kuitchula. Mkhalapakati amatamandidwa anthu akagwirana chanza, choncho mtima wake umakokera ku mgwirizano, ndipo njira yachidule yopezera mgwirizano ndi kupanikiza amene alibe mphamvu. Tonse tikudziwa mmene ankhoswe ena amatsekera nkhani ndi mawu akuti banja ndi kupirira, mayi n'kubwerera kunyumba kumene anathawa zibakera. Mayi wamasiye amene wakhala pansi ndi abale asanu a malemu mwamuna wake, kapena wantchito amene wachotsedwa ndipo kunyumba kulibe ufa, adzavomera chilichonse chimene chaikidwa patsogolo pake, ndipo papepala padzalembedwa kuti nkhani yatha mwamtendere. Popeza zokambiranazo ndi zachinsinsi, palibe mtolankhani kapena khoti la apilo limene lidzaone mmene munthuyo anafinyidwira.

Apa ndi pamene bungwe la akatswiri lingasonyeze phindu lake, kuposa pa misonkhano ya m'mahotela a kunyanja. Liyenera kuphunzitsa amkhalapakati kumva mbali iliyonse payokha, kuzindikira munthu amene akuvomera chifukwa cha mantha, ndi kukana nkhani zosayenera kukambirana monga kugwiririra, zomwe malo ake ndi kupolisi. Liyeneranso kusunga kaundula wa anthu ovomerezeka ndi kulandira madandaulo, kotero kuti mkhalapakati wokondera kapena wolandira chiphuphu azifufutidwa m'kaundulamo. Mwachitsanzo, bungwe la anthu ogamula mikangano kunja kwa khoti la Chartered Institute of Arbitrators, lomwe linayamba ku London mu 1915, limaika mamembala ake m'magulu malinga ndi maphunziro ndi luso lawo, ndipo limatha kulanga wophwanya mwambo wa ntchito.

Palinso nkhani ya malipiro a maloya. Loya amene amalandira ndalama zambiri mlandu ukatalika sangakhale ndi changu chouthetsa pa tsiku limodzi, ngakhale atakhala munthu wachilungamo chotani. Malawi Law Society ikanachita bwino kukonza ndondomeko yoti loya azilipidwa mokwanira pa nthawi imene wathera pokonzekeretsa kasitomala wake zokambirana, kuti mlandu ukatha msanga asamadzione ngati waluza.