"Nanga 8 saposa 4, aphunzitsi?"

Mtsikana wina wazaka 9 m'kalasi mwanga analemba kuti 1/8 ndi yaikulu kuposa 1/4. Nditamufunsa chifukwa chake, anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti, "Nanga 8 saposa 4, aphunzitsi?" Cholembera chofiira chinali kale m'manja mwanga. Zikanakhala zaka zimene ndinkayamba ntchito, ndikanangothetha n'kumuuza kuti alembe yankho lolondola kakhumi.

Kaphunzitsidwe kobwerezabwereza kameneka kali ndi eni ake. Ivan Pavlov wa ku Russia anaona kuti agalu amayamba kudontha malovu akangomva chizindikiro chimene achizolowera kuti chimabwera ndi chakudya. Kenako B. F. Skinner wa ku yunivesite ya Harvard ku America anaika makoswe ndi nkhunda m'mabokosi, ndipo anasonyeza kuti khalidwe limene lalandira mphoto limabwerezedwa. M'zaka za m'ma 1950 anapanga makina ophunzitsira amene ankagawa phunziro m'tizigawo ting'onoting'ono, mwana n'kumauzidwa pompopompo ngati wakhoza. Ine njirayi sindiinyoza. Mwana amene analoweza kuti 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi 56 amakhala ndi mpata m'mutu woganizira zina. Koma njirayi safunsa zimene zinali m'mutu mwa mwanayo polemba yankho lakelo.

Amene anafunsa zimenezo ndi Jean Piaget wa ku Switzerland. Cha m'ma 1920 ankathandiza pa ntchito ya mayeso oyesa nzeru za ana ku Paris, ndipo chinamukopa mtima si mayankho okhoza ayi. Anaona kuti ana amsinkhu umodzi amalakwitsa mofanana. Mukathira madzi kuchoka m'tambula yaifupi yonenepa kupita mu yaitali yowonda, mwana wazaka 4 kapena 5 amanenetsa kuti madziwo achuluka, chikhalirecho amaona ndi maso ake pamene mumathira. Si uchitsiru. Mwanayo ali ndi lamulo lake, lakuti chachitali ndiye chambiri. Nayenso mtsikana wanga uja anali ndi lake: nambala yaikulu imapambana. Kuyambira pamene anaphunzira kuwerenga manambala, lamulo limeneli linali lisanamunamizepo. Ndani angalitaye chifukwa cha kamzere kofiira?

Ndinamupatsa mapepala awiri ofanana. Lina analipinda m'zigawo zinayi, linalo m'zigawo 8, n'kung'amba chigawo chimodzi papepala lililonse. Atazisanjikiza anakhala duu kwa kanthawi, kenako chapansipansi anati, "Ii, kachepa." Tsiku limenelo ndinaweruka mtima uli mbee.

M'mawa mwake analemba kuti 1/6 imaposa 1/3.

Zinandiwawa, ngakhale ndinkadziwa kuti Hermann Ebbinghaus, katswiri wa ku Germany wofufuza za kukumbukira, anasonyeza kalekale mu 1885 kuti zambiri zimene taloweza zimathawa m'maola oyambirira. Ndisanafike n'komwe pa desiki yake, mnzake wokhala naye anamunong'oneza kuti, "Tikagawana anthu 6, iwe ulandira chachikulu kapena chaching'ono?" Mtsikanayo anafufuta yekha. Sanauzidwe yankho, anangofunsidwa funso limodzi.

Apa m'pamene ndimamumvetsa Lev Vygotsky, katswiri wa kaganizidwe ka ana wa ku Russia, amene anamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1934 ali ndi zaka 37 zokha. Iye ankati pali zimene mwana angathe payekha, pali zimene sangathe konse pakadali pano, ndipo pakati pake pali zimene angathe wina akamugwira dzanja. Maphunziro amachitikira pakati pamenepo. Mu 1976, Jerome Bruner ndi anzake anafanizira thandizo lotere ndi mitengo imene amisiri amaimapo pomanga nyumba, imene imachotsedwa khoma likaima. Piaget ndimamulemekeza, koma pa maganizo ake odikira kuti mwana akhwime kaye, mtima wanga uli kwa Vygotsky. Ndaonapo ana ambiri akuchita zimene msinkhu wawo unkati sangathe, chifukwa panali wina pambali pawo. Chimene chimandivuta mpaka lero ndi kudziwa nthawi yochotsa mitengoyo, poti ndimafulumira kuthandiza.

Patapita milungu itatu tinayamba kuwonkhetsa. Mtsikana uja anabweretsa kope lake akumwetulira, atalemba kuti 1/4 kuphatikiza 1/4 ndi 2/8. Ndinaika cholembera chija m'thumba, ndinakoka mpando, ndipo ndinati, "Tandiuza, unaganiza bwanji kuti upeze 8?"